Sitinakwane Zikwi Ziwiri

Katauni kathu sikavuta kukafotokoza. Kum'mawa kuli mtsinje. Kumadzulo kuli phiri la miyala yokhayokha, loti ngakhale mbuzi zimalinyanyala. Kumpoto kunadutsa mpanda wa waya wa kampani ya mitengo, ndipo kum'mwera kuli dambo lomwe limameza ng'ombe mvula ikachuluka. Pakati pamenepo ndi pomwe tinapanikizana ife ndi misewu yathu itatu: wa kusitolo, wa kuchipatala ndi wa kumanda. Njira yotulukira ndi imodzi, ya pamlatho. Basi imabwera Lachiwiri ndi Lachisanu, n'kutembenukira pabwalo la msika chifukwa kutsogolo kulibe kopita.

Ine ndine telala. Makina anga ali pakhonde la sitolo yomaliza, moyang'anizana ndi ofesi ya kaundula. Ofesiyo ndi chipinda chimodzi cha malata: tebulo, kabati yachitsulo yosatsekeka bwino, benchi la odikira, basi. Mayi amene wakhala patebulo limenelo zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri anthu amamutcha a Chidindo. Mwana akabadwa amamulemba ndi iye, munthu akamwalira ndi iye, ndipo aliyense wofuna kusamuka kapena kukafunsira ntchito kwina amayenera kutenga kalata yodindidwa ndi dzanja lake. Ana ang'onoang'ono amayesa ndi dzina lake lenileni. Ine ndimangoti Chidindo, popanda "a", chifukwa tinkakhala desiki imodzi kusukulu.

Kusukuluko iye ndiye anali katswiri wa mapu. Aphunzitsi akatopa ankangomupatsa choko, iye n'kujambula dziko lonse pabolodi osayang'ana m'buku, mitsinje ndi mapiri omwe. Atamaliza sekondale anamusankha kukaphunzira zoyeza malo mumzinda. Nthawi imeneyo ndinali nditangoyamba kusoka, ndipo madiresi awiri oyamba amene anatuluka osapotoka pamakina anga anali ake, apaulendo.

Kutatsala masiku asanu kuti anyamuke, bambo ake, amene anali kalaliki wa ofesi yomweyi, anagwa pampando dzuwa lili paliwombo. Pamene anamwino amawatsitsimutsa, mbali yakumanja inali itafa, pakamwa patapotoka. Mayi ake anali atamwalira kalekale. Mchimwene wake yekhayo ankagwira ntchito kumigodi, kutali. Anabwera, n'kukhala masiku anayi.

Vuto linali nyumba. Nyumba yomwe ankakhala inali ya ofesi, ndipo wapampando wa komiti ya m'tauni ananena mosabisa kuti akabwera kalaliki wina, odwalawo ayenera kutulukamo. Njira inali imodzi: mwana wawo akhale patebulopo.

"Achemwali, ingogwirizirani miyezi itatu," anatero mchimweneyo, chikwama chili kale paphewa. "Ndikapeza nyumba yaikulu ndidzawatenga abambo."

"Nanga sukulu, achimwene?"

"Sukulu siithawa."

A kukoleji analemba kalata kawiri, kenako anasiya. Bambo aja anakhala ndi moyo zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi.

Tsiku la Chidindo ndinkalidziwa ngati langa. M'mawa ankawasambitsa, kuwaveka, kuwakokera pampando wa pakhonde, kenako n'kudzatsekula ofesi. Masana ankathamangira kukawadyetsa ndi kuwatembenuza. Madzulo akaweruka, bambowo ankamudikira ndi funso limodzi lomwe lilime lawo linkatha kutulutsa bwinobwino.

"Angati?"

"Wabadwa mmodzi, abambo. Achoka anayi."

Iwo ankapukusa mutu ngati wolakwa ndi iyeyo.

Ochoka ankachuluka chaka ndi chaka, ndipo chifukwa chake si chobisika. Kuno malo adatha. Mwana akakwatira amamanga kuseri kwa nyumba ya makolo, mng'ono wake kuseri kwa iyeyo, mpaka posowa pokumba chimbudzi. Wachitatu amangokwera basi. Kampani itatseka makina ake ochekera matabwa, anachoka mabanja athunthu. Chidindo akuyamba ntchito tinalipo anthu oposa 2,600. Ndinkamuona pawindo akupumira mpweya pachidindo chija kuti inki inyowe, n'kuchikanikiza pakalata ya munthu amene mwina tinali naye kalasi imodzi, amene sankatha ngakhale kuloza kumpoto.

Mwayi wochoka unamupeza kamodzi ali ndi zaka makumi atatu. Kunabwera anthu odzakonza mlatho, ndipo kapitawo wawo, bambo wofatsa amene mkazi wake anali atamwalira, ankakonda kudzadyera pakhonde panga. Sindinachedwe kuona kuti chomwe ankatsata si mthunzi wa khonde. Ntchito ya mlatho ikutha, anamuuza Chidindo kuti apite limodzi, ndipo abambo awatenge, chipinda chilipo.

Ndinakawathandiza kulongedza. Lole inaima pakhomo cha m'ma naini koloko m'mawa, matiresi atayalidwa kale kumbuyo. Amuna awiri analowa kuti akawanyamule odwalawo. Bambo aja anagwira chitsulo cha bedi ndi dzanja lamoyo lija. Sindinaonepo dzanja la munthu wodwala likugwira chomwecho. Amunawo atayesa kuwakweza, bedi linakwera nalo.

"Abambo, tayani," anatero Chidindo atagwada pambali pawo. "Kumene tikupitaku kuli chipatala chachikulu. Tayani, chonde."

Iwo ankangoloza ndi chibwano kumsewu wa kumanda, misozi ikutsikira m'khutu. Mawu anatuluka movutikira, koma tonse tinawamva. "Amako."

Kapitawo anavula chipewa, n'kutuluka panja. Lole inadikira mpaka masana. Kenako Chidindo anakatsitsa yekha masutikesi ake. Kapitawo uja analemba makalata kwa chaka chathunthu, ndipo pambuyo pake tinamva kuti wakwatira. Chidindo sanaikambenso nkhaniyi, ngakhale kwa ine.

Bambo ake atamwalira, mchimwene uja anafika mwambo wa maliro utatha, n'kubwerera ndi basi yotsatira. Ndinamufunsa mnzangayo kuti tsopano atani.

"Ndipite kuti, telala? Ndani angalembe ntchito mayi wa zaka zangazi, wodziwa kudinda basi?"

Komabe nkhope yake inayamba kuwala pang'ono. Masana ankabwera kudzakhala pabenchi langa m'malo mothamangira kunyumba, manja ali pamiyendo, ngati sakudziwa chochita nawo.

Chaka chotsatira kunali kalembera wa dziko lonse. Kutatsala mwezi umodzi, komiti inalandira kalata yochokera kuboma. Inkanena kuti malo onse amene anthu ake apezeke osakwana zikwi ziwiri sadzakhalanso ndi namwino wokhazikika, chipatala chizidzatsekulidwa kamodzi pamwezi. Wapampando wa nthawi imeneyo, bambo wamimba yaikulu amene ankagulitsa njinga ndi zipangizo zake, anawoloka msewu kalata ili m'manja. Chitseko cha ofesi chimakhala chotsekula masana, choncho zonse ndinazimva.

"Mayi, tilipo angati?"

Chidindo sanatsekule n'komwe buku. "1,874."

"Aa! Ndiye atsala ochepa. Nanga ana athu ali m'mizindamu si athu?"

"Ndi athu, a tcheya. Koma lamulo likuti awerengedwa amene agone muno tsiku la kalembera."

"Ndiye abwere adzagone!"

Sabata zitatu zotsatira katauni konse kanali pafoni. Pamwala waukulu wa m'munsi mwa phiri, pomwe netiweki imagwira bwino, anthu ankaima pamzere. Ukamadutsa unkangomva, "Bwera ndi ana omwe, usiku umodzi wokha!" Chidindo naye anakwera pamwalapo kuimbira mchimwene wake, amene ali ndi ana asanu. Anatsika msanga.

"Akuti bwanji?" ndinamufunsa.

"Akuti mtima wawo uli nafe."

"Mtima auwerenga?"

Anaseka, koma maso anali ofiira.

Lachisanu lake basi inabwera itadzaza mpaka pakhomo, ndipo inabwereranso kukatenga ena. Nyumba zomwe zinali zokhoma zaka zambiri zinatsekulidwa, anthu n'kumathamangitsa mileme ndi matsache. Kwa masiku awiri msewu wa kusitolo unali ngati mmene unalili tili ana. Olemba kalembera anafika atatu, ndi bwana wawo wochokera ku ofesi ya mapu ya kuboma, ndipo Chidindo ndi amene ankawaperekeza khomo ndi khomo. Mayi wina woyembekezera anawakakamiza kuti amuwerenge kawiri, akuti dokotala anamuuza kuti mwina ndi mapasa, ndiye katatu. Mkulu wina wa kumsewu wa kumanda anatchula akazi ake amene anamwalira zaka zisanu zapitazo, akuti angopita kumunda. Mlembiyo anayang'ana Chidindo. Chidindo anayang'ana pansi, kenako anapukusa mutu pang'ono.

Atawonkhetsa, tinapezeka tilipo 1,941.

Wapampando anabweranso, ulendo uno atatsitsa mawu, koma ndinamvabe. Olembawo anali atanena kuti ngati pali anthu amene anaphonyedwa, kalaliki alembe maina awo papepala, adinde, iwo awonjezera.

"Maina makumi asanu ndi limodzi okha, mayi. Muli nawo m'kabatimo. Ndani adzabwere kuno kudzafufuza?"

"Mukufuna ndilembe anthu amene ndinawadindira ndekha makalata ochokera?"

"Ndikufuna muganizire azimayi oyembekezera. Mlatho ukamizidwa azidzachira kuti?"

Wapampando atatuluka, Chidindo anakhala nthawi yaitali cholembera chili m'manja. Ndinasiya kupalasa makina n'kumamuyang'ana. Analemba, ndinaona ndithu dzanja likuyenda. Pambuyo pake anandiuza kuti anafika pa dzina lachisanu ndi chinayi, ndipo linali la mnzathu wina amene anamva kuti anafera kumigodi. Anang'amba pepalalo. Nditamufunsa chifukwa chake, sanandipatse yankho lalikulu.

"Dzanja linangokana, telala. Buku limeneli analiyamba ndi abambo, mulibe bodza ngakhale limodzi. Mwina ndalakwa. Sindikudziwa."

Ine ndinkaona kuti walakwa, ndipo ndinamuuza. Tinatha sabata osayankhulana.

Alendo aja anabwerera kwawo, nyumba zinakhomedwanso. Patapita miyezi inayi, anamwino athu, amene anatithandiza zaka khumi ndi ziwiri, analandira kalata yowasamutsa. Anabwera ku ofesi kudzadinditsa makalata a sukulu a ana awo. Sanakalipe. Anangoti, "Dindani, amayi, si mlandu wa inu nokha." Mawu akuti "nokha" amenewo anamupweteka kuposa kutukwana.

Anthu anasiya kumupatsa moni. Pampopi, akafika, azimayi ankasiya nkhani. Wina anakalemba pachitseko cha ofesi ndi makala nambala ya anthu amene tinaperewera, 59. Iye sanaifufute, inachoka yokha ndi mvula.

Koma kalembera yemweyo anabweretsa chinthu china. Bwana wa mapu uja, ali mu ofesi, anaona pepala lalikulu lomwe linali pakhoma. Chidindo anali atajambula katauni konse pamapepala olumikiza ndi guluu: nyumba iliyonse ndi nambala yake, mipopi, mitengo ikuluikulu, ndi mzere wofiira wosonyeza pomwe madzi a mtsinje anafika chaka chilichonse cha chigumula. Bwanayo anafunsa kuti anayeza ndi chiyani. Iye anati ndi chingwe choyanikira zovala ndi mapazi. Bwanayo anajambula pepalalo ndi foni, osanena zambiri.

Ndiye tsiku lina Lachiwiri, miyezi iwiri anamwino atachoka, Chidindo anawoloka msewu pafupifupi chothamanga, n'kuika envulopu pamakina anga. Imeneyi inali kalata yomuitana kukagwira ntchito ku ofesi ya mapu kuboma. Inkati akayambe pasanathe masiku makumi asanu ndi limodzi, akangosiya makiyi ndi mabuku m'manja mwa kalaliki watsopano amene atumizidwe.

"Werenganso, telala, mwina maso anga akundinamiza."

Ndinawerenga mokweza kawiri. Anakhala pansi pasimenti penipeni, mayi wamkulu, n'kuphimba nkhope ndi nsalu ya kasitomala wanga.

Anagulitsa nkhuku zake. Mpando wa bambo ake anapatsa oyandikana nawo. Mabuku onse a m'kabati anawakuta ndi mapepala atsopano, n'kulemba malangizo masamba asanu ndi limodzi, mpaka mmene ungakankhire kabati ndi bondo kuti itsekeke. Anthu atamva kuti akuchoka, ena anati achoke, watilanda chipatala. Ena anayamba kuda nkhawa kuti mlendo adziwa bwanji kuti uyu ndi mwana wa yani.

Kalaliki watsopano anafika Lachisanu la sabata yachitatu. Anali mayi wa magalasi, wooneka waulemu, ali ndi masutikesi awiri ndi kamtsikana ka zaka ngati zisanu ndi chimodzi. Chidindo anakawalandira pabwalo la msika atavala diresi yatsopano, ine ndili pambuyo kuti ndithandize kunyamula. Mayiyo anayang'ana phiri, n'kuyang'ana waya wa kampani, kenako anatembenukira komwe basi inachokera. Kamtsikana kaja kankapuma molira ngati kamluzu.

"Takulandirani, amayi. Nyumba ndakolopa kale, ili pafupi pomwepa."

"Zikomo kwambiri. Koma ndiyambe ndafunsa, chipatala chili mbali iti? Mwanayu ali ndi mphumu, fumbi la mumsewu lamuyambitsa."

Chidindo analoza. "Ndi icho, cha denga lobiriwiracho."

"Chikuoneka chotseka."

"Amatsekula Lachitatu loyamba la mwezi."

Mayiyo anavula magalasi. "Pamwezi? Nanga anamwino amakhala kuti?"

"Anachoka."

"Kuboma anandiuza kuti kuno kuli namwino."

"Analipo, amayi. Anachoka miyezi itatu yapitayi."

"Ndiye mwana akabanika mumatani?"

Dalaivala anali atatembenuza kale basi, akuliza hutala kuitana okwera. Mayiyo anayang'ana mwana wake, n'kuyang'ana Chidindo, ndipo ndikhulupirira kuti anamvetsa zomwe akuchita, chifukwa anamugwira dzanja ndi manja awiri.

"Mundikhululukire, achemwali. Ndikanakhala ndekha ndikanakhala. Koma uyu ndi mmodzi yekhayu."

Sutikesi imodzi inali m'manja mwanga. Chidindo anailanda, n'kuikweza yekha m'basi. Anamunyamulanso mwanayo kumukhazika pampando wa kutsogolo, kutali ndi fumbi, n'kuuza dalaivala kuti atseke windo. Basi itawoloka mlatho, anandiuza kuti akukatsekula ofesi, pali munthu akudikira kalata ya imfa.

Analemba kuboma kupempha kuti atumize wina. Anayankha kuti akufufuza. Anapempha kuti asiye makiyi kwa wapampando, anati wapampando si wantchito wa boma. Anaimbira bwana wa mapu uja, yemwe anati ayesa kumusungira malowo kwa mwezi wina umodzi. Mwezi umenewo mvula inayamba, mtsinje unakwera pamwamba pa mlatho, ndipo kwa sabata zisanu sikunabwere basi kapena kalata. Madzi ataphwa, kalata yoyamba kufika inali yomudziwitsa kuti malo aja apatsidwa munthu wina, ndipo akumufunira zabwino zonse pantchito yomwe akugwira.

Papita zaka zisanu ndi ziwiri tsopano. Kalaliki wina sanabwerepo. Tatsala anthu osakwana 1,700, ambiri ndi okalamba ndi zidzukulu zomwe makolo awo anazisiya kuti azitumiza thandizo. Sukulu inaphatikiza makalasi awiriawiri. Sitolo zitatu za mumsewu wathu zinatsekedwa, ndipo ine masiku ano ndimasoka zigamba kuposa zovala zatsopano.

Moni anayambanso kumupatsa, pang'onopang'ono, chifukwa cha bokosi. Namwino amene amabwera pamwezi uja anaona kuti odwala shuga ndi kuthamanga kwa magazi amavutika akalephera kufika tsiku lake, ndiye anayamba kusiya mankhwala awo m'bokosi, phukusi lililonse ndi dzina la mwini wake. Munthu wokhala ndi kabati yachitsulo, wodziwa aliyense ndi khomo lake, ndiponso wopezeka tsiku lililonse, analipo mmodzi. Choncho pabenchi la ofesi pamakhala mizere iwiri tsopano, wa makalata ndi wa mapiritsi. Amene sangathe kuyenda amawapititsira yekha akaweruka. Wapampando wakale uja, amene miyendo inayamba kutupa, ndi mmodzi mwa iwo. Akuti amamulandira bwino, koma nkhani ya kalembera saitchula onse awiri.

Mwezi wa Januwale uliwonse amalemba kalata yopempha kusamutsidwa. Amabwera nayo kwa ine kuti ndione ngati muli zolakwika, ngakhale akudziwa kuti sukulu yanga ndi yochepa. Chaka chino nditamaliza kuwerenga ndinamufunsa ngati akufunadi kupita, kapena changosanduka chizolowezi.

"Ndikufuna, telala," anatero. "Anthu amayesa ndinazolowera. Basi ikamatembenuka pamsika paja, ndimaiperekezabe ndi maso mpaka lero."

"Ndiye ungotseka ofesiyo, ukwere. Akumanga ndani?"

Anapinda kalata ija. Tsidya la msewu, mayi wina wokalamba anali atafika kale pabenchi, ndodo ili pakati pa miyendo, akusuzumira pawindo.

"Awo anabwera dzulo lomwe," anatero Chidindo akunyamuka. "Amaiwala kuti atenga kale mapiritsi. Ndikapanda kuwawerengera, amwa onse tsiku limodzi."

Anawoloka msewu, n'kuwagwira mkono agogowo kulowa nawo mkati.